Wantchito ali pa tchuthi cha uchembere, kodi ndingamuchotse? Zokambirana pa gulu la amalonda a ku Salima

aMwale a golosale, Kamuzu Road:
Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndili ndi nkhani yandisowetsa tulo, ndiye ndati ndiitule pano poti ambiri muno muli ndi antchito. Pa golosale yanga pali mayi wina amene wakhala pa kauntala zaka zinayi. Anali woyembekezera, ndipo masabata atatu apitawa anachira, mwana wamkazi. Panopa ali kunyumba. Pamalo pake ndinaikapo mtsikana wina, mwana wa mlamu wanga, kuti azigwirizira. Vuto ndi loti mtsikanayu ntchito akuitha kwambiri, buku la sitoko likumakhala loyera, za Airtel Money ndi Mpamba sakusokoneza. Bizinesi nayo siikuyenda moti n'kulipira anthu awiri. Ndimaganiza zongomulembera uthenga mayi uja kuti asavutike kubweranso, ndimupatse malipiro a mwezi umodzi, tisiyane bwinobwino. Kodi pali vuto?

aChisale a hadiweya:
Golosale ndi yanu aMwale, ndalama munayambira ndi zanu. Mupatseni notisi yake basi. Ife sitili ngati makampani akuluakulu oti munthu n'kumalandira ali gone kunyumba.

Nabanda wa saluni:
Ayi abambo, musatero. Mwana sanakwanitse ndi mwezi womwe, mayiyo mwina angotuluka kumene m'chikuta. Uthenga woterowo ukafika pa foni pake mukuganiza kuti mkaka utuluka?

Mayi Nankhoma:
aMwale, foniyo muyambe mwaiika pansi, musatumize kalikonse. Ine ndinagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi yoona za antchito ndisanapume, ndipo nkhani ngati iyi ndinaiona ikugwetsa mabwana amene ankadziyesa ochenjera. Lamulo la ntchito la dziko lino, Employment Act la chaka cha 2000, silinabise mawu pa nkhaniyi. Ndime 47 imati mayi wapantchito ali ndi ufulu wa tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Ndime 48 imati akamaliza tchuthicho abwerere pa ntchito yake yomwe ija, malipiro ake osatsika. Koma yomwe ndikufuna mumvetsetse ndi ndime 49. Imeneyo imati bwana amene wachotsa wantchito chifukwa cha pathupi, kapena chifukwa china chilichonse chokhudzana ndi pathupipo, wapalamula mlandu. Si nkhani ya chipepeso chokha ayi, ndi mlandu woti munthu akapezeka wolakwa pali chindapusa komanso ndende ya zaka mpaka zisanu.

aMwale a golosale, Kamuzu Road:
Amayi, ndende? Koma ine sindikumuchotsa chifukwa choti wabereka. Ndamuchitira zabwino zambiri mayi ameneyu, ngakhale tsiku lopita kuchipatala galimoto inali yanga. Chifukwa changa n'choti ndapeza wina wodziwa ntchito kuposa iye.

Mayi Nankhoma:
Ndikukumvani, ndipo sindikukayika kuti mtima wanu ndi wabwino. Koma tamverani mmene zimayendera nkhaniyi ikafika pa bwalo. Pa milandu yambiri wodandaula ndiye amabweretsa umboni. Pa uwu zinatembenuzidwa. Ndime 49 yomweyo imati bwana ndi amene ayenera kutsimikizira bwalo kuti sanachotse munthuyo chifukwa cha pathupi. Mayiyo angonena kuti ndinagwira zaka zinayi popanda chenjezo ngakhale limodzi, ndinapita kukachira, ndili kunyumba ndinalandira uthenga uwu. Akatero wamaliza mbali yake. Tsono inu mudzaimirire n'kufotokoza kuti n'chifukwa chiyani zaka zinayi zonsezi ntchito yake inali yabwino, n'kudzaipa sabata yachitatu ya tchuthi chake. Mukadzati ndinapeza wina wodziwa bwino, adzakufunsani kuti winayo munamupeza bwanji. Yankho lake ndi loti munamupeza chifukwa mayiyu anapita kukabereka. Mwaona pamene mwadzikola? Akanapanda kutenga pathupi, bwenzi lero ali pa kauntala ndipo maganizo amenewa sakanakufikani.

aChisale a hadiweya:
Koma amayi malamulo amenewo si a maofesi ndi mafakitale? Kagolosale ka antchito awiri atatu, popanda ndi kontrakiti yolemba yomwe, boma lingalowererepo?

Mayi Nankhoma:
Achimwene, apo ndi pamene ambiri amanamizana. Lamuloli silinati bizinesi ikhale yaikulu bwanji. Limagwira wa golosale, wa chigayo, wa sukulu yapulaiveti, ngakhale inu amene muli ndi wantchito wa m'nyumba. Amene lamuloli linawapatula ndi asilikali, apolisi ndi a ndende, poti iwo ali ndi malamulo awoawo. Za kontrakiti yolemba musadalire. Pangano la pakamwa nalonso ndi pangano. Munthu wakhala akubwera m'mawa uliwonse, mukumuuza zochita, mwezi ukatha mukumulipira, ameneyo ndi wantchito wanu. Ndipotu kusowa kwa mapepala kumapweteka bwana kuposa wantchito, chifukwa amene amayenera kusunga zolemba za malipiro ndi bwanayo.

aMbewe a loji, Senga Bay:
Ndilankhuleko ine amene ndinapsa kale. Zaka zingapo zapitazo ndinachita ndendende zimene aMwale akuganizazi. Ndinali ndi mayi wokonza m'zipinda, anapita kukachira nthawi ya mvula, nthawi yomwe kunyanja kuno alendo amachepa. Ndinaona ngati ndi mpata wochepetsera antchito. Ndinamutumizira uthenga pa foni, mawu ake ndimawakumbukirabe, ndinati "mayi zinthu zavuta kuno, muyambe mwakhala, tidzakuitanani." Sindinamuitane. Isitala itayandikira ndinalemba wina.

Patapita masabata angapo kunabwera mnyamata wa kabaza ndi kalata yondiitana ku ofesi ya za ntchito ku boma. Ndinapita ndili ndi mtima woti ndikafotokoza za kuchepa kwa alendo andimvetsa. Nditalowa ndinamupeza mayi uja atakhala pa benchi, mwana ali kumbuyo, m'manja muli kafoni kake kakang'ono kamabatani komanso buku la kusikelo. Uthenga wanga uja anali asanafufute. Bwana wa ku leba anauwerenga mokweza, kenako anatsegula buku la kusikelo n'kuona tsiku limene mwana anabadwa, n'kuyerekeza ndi tsiku la uthenga wanga. Panali masiku 19 okha. Anandifunsa mafunso awiri. Loyamba, ngati zinthu zinavuta, n'chifukwa chiyani pa antchito onse munasankha amene ali pa tchuthi cha uchembere? Lachiwiri, ngati ntchito inatha, amene akuyala mabedi panopa ndi ndani? Ndinalibe choyankha, akuluakulu. Ndinalipira malipiro a masabata a tchuthi amene ndinamumana, notisi, masiku a tchuthi cha pachaka amene anali asanatenge, severance (ndalama ya zaka zimene munthu wagwira, yoperekedwa pomuchotsa ntchito), ndi chipepeso pamwamba. Zonse pamodzi zinaposa kutali ndalama imene ndikanamulipira akanangomaliza tchuthi chake n'kubwerera. Ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero si ndalamayo. Mayi uja anali wokhulupirika, mlendo akaiwala foni kapena wotchi m'chipinda ankabweretsa ku ofesi. Ndinamutaya chifukwa cha masabata asanu ndi atatu.

Nabanda wa saluni:
Zikomo abambo aMbewe ponena chilungamo. Si ambiri angavomere chonchi pagulu.

aMwale a golosale, Kamuzu Road:
Ee, nkhaniyi ndi yaikulu kusiyana ndi mmene ndimaionera. Amayi Nankhoma, tandiwerengereni bwinobwino, kwa munthu wa zaka zinayi zingakhale zotani ndikapezeka wolakwa?

Mayi Nankhoma:
Ndikuuzani za masabata, ndalama muwerengere nokha malinga ndi mmene mumamulipirira. Choyamba, masabata a tchuthi amene atsala, malipiro athunthu. Chachiwiri notisi, ndipo kwa munthu wolandira pamwezi ndi mwezi umodzi. Chachitatu severance. Imeneyi imaperekedwa munthu akachotsedwa chifukwa cha kuchepa kwa ntchito kapena akachotsedwa mopanda chilungamo, ndipo pa zaka zisanu zoyambirira ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse, ndiye kwa iyeyu ndi masabata 8. Chachinayi chipepeso cha pa ndime 63. Kwa amene sanapitirire zaka zisanu, chochepetsetsa ndi malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse. Koma mawu oti chochepetsetsa muwagwire bwino. Pamenepo ndi poyambira chabe, bwalo limapereka zimene laona kuti n'zoyenera poona mmene munthuyo wavutikira, ndipo likaona kuti panali tsankho lili ndi mphamvu yowonjezerapo zina. Lingathenso kulamula kuti mumubwezere pa ntchito. Ndiye taganizani, mwalipira zonsezo, kenako munthu yemweyo wabwereranso pa kauntala panu mutadana kale. Onjezanipo maulendo a ku Lilongwe, chifukwa zikakanika ku ofesi ya za ntchito kuno, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, bwalo la milandu ya za ntchito. Tsiku lililonse la mlandu ndiye kuti golosale mwasiyira ena, mafuta kapena minibasi, mwinanso loya.

aPhiri a chigayo, Khombedza:
Ine ndili ndi nzeru ina. aMwale, kodi pa zaka zinayi zonsezi sipanakhalepo shoti? Pa golosale shoti siilephera. Tsegulani mabuku akale, mupeza pena pamene ndalama sizinakwane. Mumuchotsere chimenecho, nkhani ya mimba isatchulidwe n'komwe.

Naphiri, mphunzitsi:
Abambo aPhiri, pepani koma mawu amenewa andipweteka. Zimenezo ndi zimene anandichita ine. Ndinkaphunzitsa pa sukulu ina yapulaiveti, sinditchula dzina. Nditapita kukachira mwana wanga wachiwiri, ndinachira kudzera opaleshoni, ndiye ndinali ndisanayambe n'kuyenda bwino komwe. Kunabwera kalata yoti ndinkachedwa kulemba maripoti a ana teremu yapitayo, choncho ntchito yatha. Maripoti amene aliyense pa sukulupo ankachedwa nawo, ndipo palibe tsiku limene anandiitanapo kundifunsa. Ndinawerenga kalatayo nditakhala pa mkeka, mwana ali pa bere, amuna anga ali ku Chipoka kokagula usipa woti tizigulitsa. Ndinalira mpaka apongozi anga anaganiza kuti kwagwa maliro kwathu. Chimene chinandiwawa n'choti ananditcha waulesi pofuna kubisa chifukwa chenicheni. Akanangonena kuti sitikufuna amayi obereka, bwenzi ndikudziwa kuti vuto ndi lawo. Koma anandipaka matope kuti ndizidzikayikira ndekha. Musamuchite zimenezo mayi wa pa golosaleyo, chonde.

aPhiri a chigayo, Khombedza:
Pepani amayi, sindinaganize mofika pamenepo. Ndabweza mawu anga.

Nabanda wa saluni:
Achemwali Naphiri, munakadandaula?

Naphiri, mphunzitsi:
Ndinachedwa. Ndinkati ndiyambe ndachira, mwana akhwimeko. Pomwe ndinkapita ku ofesi ya za ntchito n'kuti patatha miyezi isanu, ndipo anandiuza kuti dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo limayenera kufika kwa iwo pasanathe miyezi itatu. Anandilozera njira zina, anatchula a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya, koma mphamvu zinali zitandithera. N'chifukwa chake mayi aliyense amene ndamva kuti zamuchitikira ndimamuuza kuti apite msanga, ngakhale mwana ali wakhanda, ndipo asafufute uthenga uliwonse wochokera kwa abwana.

Mayi Nankhoma:
Naphiri mwana wanga, pepa kwambiri. Zimene wanena za miyezi itatu n'zoona, zili pa ndime 62. Ndipo nzeru ya shoti ija, ngakhale tiike chisoni pambali, pa malamulo siyimaima. Ndime 57 imafuna zinthu ziwiri munthu asanachotsedwe. Pakhale chifukwa chomveka chokhudza khalidwe lake, luso lake pa ntchito, kapena kayendedwe ka bizinesi. Ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena luso, apatsidwe mpata woyankhapo asanachotsedwe. Shoti ya chaka chatha imene simunamufunse nthawi imeneyo, simunalembe chenjezo, munapitiriza kumusiyira makiyi ndi ndalama, mukadzaitulutsa lero ali pa tchuthi aliyense adzaona kuti ndi chonamizira. Mabwana a ku leba ndi a ku khothi nkhani zoterezi amaziona kawirikawiri, sangapusitsidwe ndi buku lakale lofukulidwa dzulo.

Ndisanamizenso anthu, sindikunena kuti mayi woyembekezera kapena amene ali pa tchuthi sangachotsedwe zivute zitani. Ngati wabadi, umboni ulipo, mwamuitana mwaulemu pa nthawi yoti angathe kubwera, wamva mlandu wake, wayankha, mwalemba zonse, lamulo silikumangani manja. Koma chifukwacho chikhale choti chikanamuchotsetsa ngakhale akanakhala kuti alibe pathupi.

aChisale a hadiweya:
Chabwino, za shoti tazisiya. Koma aMwale anenanso kuti bizinesi siikuyenda. Zimenezo si zabodza, tonse tikuziona, katundu akukwera mtengo tsiku ndi tsiku, ogula akuchepa. Munthu sangachepetse antchito chifukwa mmodzi wabereka? Ndiye tizitseka mashopu?

Mayi Nankhoma:
Kuchepetsa antchito n'kololedwa, ndipo ndime 48 yomwe ija inaganizira zimenezo. Imati mayi abwerere pa ntchito yake pokhapokha ngati ntchitoyo yatheratu chifukwa cha mavuto a zachuma kapena kusintha kwa kayendetsedwe ka bizinesi, kapena ngati iyeyo sangathenso kuigwira. Zikatero bwana ayesetse kumupezera ntchito ina yomuyenera pamalo pomwepo, ndipo zikakanika m'pamene angamupatse notisi ndi zake zonse. Tsono funso ndi ili, kodi ntchito ya pa kauntala pa golosale ya aMwale yatha? Ayi, ilipo, ndipo pakhala mwana wa mlamu wawo. Ngati ndalama zikukwana munthu mmodzi, malowo mwini wake ndi amene ali pa tchuthiyo. Wogwirizira ndi wogwirizira.

aChisale a hadiweya:
Komabe amayi ine ndikuona kuti katunduyu ndi wolemera kwa ife ang'onoang'ono. Miyezi iwiri kulipira munthu amene sakugwira, n'kulipiranso womugwirizira. Zikatere anthu angoyamba kulemba anyamata okhaokha.

aMbewe a loji, Senga Bay:
Kulemera kwake sindikutsutsa achimwene, ndalama yonse imachoka m'thumba la bwana, palibe amene amatithandiza. Koma mimba siibwera ngati mwera wodzidzimutsa asodzi pakati pa nyanja. Mumaiona miyezi ingapo isanafike nthawi. Ine chiphunzirire, mayi akangondiuza kuti ndi woyembekezera ndimayamba kupatula kangachepe mwezi ndi mwezi, pofika nthawi yochira ndalama ya womugwirizira ilipo kale. Ndipo za kulemba anyamata okhaokha, kukana munthu ntchito chifukwa ndi wamkazi nakonso ndi tsankho loletsedwa, lamulo la ntchito lomweli likuletsa, komanso pali Gender Equality Act ya 2013, lamulo loletsa kusiyanitsa amuna ndi akazi. Kuonjezera apo, kuyambira 2021 abambo nawonso ali ndi tchuthi chawo mkazi akachira, masabata awiri akulandira malipiro, kamodzi pa zaka zitatu. Ndiye mukathawira kuti?

Nabanda wa saluni:
Ine atsikana anga onse atatu ndi amayi a ana. Wina akapita kukachira makasitomala ake amafunsa tsiku lililonse kuti abwera liti, ena mpaka amadikira osaluka tsitsi. Munthu wa zaka zinayi pa kauntala amadziwa amene amatenga ngongole n'kubweza ndi amene amathawa, amadziwa agogo amene amafuna shuga wa theka. Zimenezo mtsikana wa masabata atatu sanazidziwe, ngakhale buku lake likhale loyera bwanji.

Nangozo wa lesitilanti, Nkhotakota:
Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Funso langa ndi losiyana pang'ono. Wanga wophika anapita ku tchuthi cha uchembere chaka chathachi, ndinamulipira bwinobwino. Pano wandiuza kuti ali ndi pakati penanso, mwana woyamba asanakwanitse zaka ziwiri. Poti lamulo likuti kamodzi pa zaka zitatu, ndiye kuti ulendo uno ndili ndi ufulu womuchotsa?

Mayi Nankhoma:
Ayi Nangozo, pamenepo pali zinthu ziwiri zosiyana. Zaka zitatuzo zikunena za tchuthi cholipidwa, kuti lamulo silikukukakamizani kumulipira masabata 8 kawiri m'kati mwa zaka zitatu. Koma ndime yoletsa kuchotsa munthu chifukwa cha pathupi ilibe zaka. Kaya ndi mimba yachiwiri kaya yachisanu, kumuchotsa chifukwa cha imeneyo ndi mlandu womwewo. Khalani naye pansi mugwirizane. Angathe kugwiritsa ntchito masiku ake a tchuthi cha pachaka, ena n'kukhala osalipidwa, kapena ngati mungathe mumuthandizeko ndi gawo la malipiro. Zimene mwagwirizanazo mulembe, nonse musaine, aliyense asunge pepala lake.

Nangozo wa lesitilanti, Nkhotakota:
Zikomo amayi. Mtima womuchotsa ndinalibe kwenikweni, nsima yake ndi imene imaitana madalaivala a pa M5. Ndimangofuna kudziwa pamene ndaima.

aPhiri a chigayo, Khombedza:
Nanga ena amati aboma amapita miyezi itatu. Wantchito wanga akadzandiuza kuti nayenso akufuna itatu nditani?

Mayi Nankhoma:
Masabata 8 ndi ochepetsetsa amene lamulo likulamula aliyense. Bwana ali ndi ufulu wopereka ochuluka, ndipo ngati munalonjeza ochuluka m'pangano lanu, mwamangidwa ndi lonjezolo. Chinanso, ngati mayi wadwala chifukwa cha pathupi kapena pochira, dokotala n'kulemba kalata, lamulo likuti bwana amuwonjezere masiku. Ngati mmene ananenera Naphiri za opaleshoni, munthu wotero simungamuyembekezere kunyamula matumba a chimanga sabata yachisanu ndi chinayi.

aMwale a golosale, Kamuzu Road:
Ndamva zonse, ndipo manyazi andigwira. Koma ndikhale woona mtima, mutu ukundiwawabe ndi mwana wa mlamu wangayu. Ndinamuuza kuti akalimbikira mwina malowa akhala ake. Mayi a kunyumba nawonso akudziwa choncho. Nanga ndikangomusiya mayi uja abwerere koma ndimuike kosungira katundu kuseri, malipiro n'kutsitsako pang'ono, mwina iye yekha adzaona kuti asiye?

Mayi Nankhoma:
aMwale, njira imeneyonso lamulo linaitseka. Kumuvutitsa munthu kapena kumutsitsa mpaka atasiya yekha, ndime 60 imakutenga ngati mwamuchotsa ndinu, ndipo angathe kukasuma chimodzimodzi. Abwerere pa kauntala pake ndi malipiro ake. Zaka zake za pa ntchito zipitirire kuwerengedwa ngati sanachokepo, ndipo ngati mumamudulira penshoni musadumphe miyezi imeneyi. Mudziwenso kuti kusintha kwa lamulo kwa 2021 kunapatsa mayi woyamwitsa nthawi yoyamwitsa mwana kawiri pa tsiku, mphindi 30 ulendo uliwonse, kwa miyezi isanu ndi umodzi chibadwire mwanayo. Pa golosale zimenezi si zovuta, womulera amabwera naye, mayi n'kukhala kuseri pang'ono, inu kapena mnyamata wanu n'kugwirizira kauntala.

Za mtsikanayo, cholakwa chinali kumulonjeza malo a mwini. Mukonze msanga asanazike mizu. Mumuuze zoona, kuti anabwera kudzagwirizira mpaka tsiku lakuti, mulembe kapepala ka masiku amenewo, mumulipire mokwanira. Amene mudzalembe wogwirizira m'tsogolo muno, yambani ndi kapepala kameneko tsiku loyamba, kotchula tsiku loyamba ndi lomaliza, kuti pasadzakhale kulira mbali zonse ziwiri.

aMbewe a loji, Senga Bay:
aMwale, ngati mtsikanayo ali wakhama mmene mukuneneramo, ndi wa manambala, nditumizireni ku inbox. Nyengo ya alendo ikubwerayi ndifuna wina wa pa risepushoni wodziwa za mobile money. Sindikulonjeza, koma abwere tidzacheze.

Naphiri, mphunzitsi:
Ndipo abambo aMwale, ngati n'kotheka pitani mukamuone mayiyo. Musadikire tsiku lobwerera. Munthu ukakhala kunyumba ndi khanda, n'kumva kuti pamalo pako pakhala wachibale wa abwana, usiku sugona. Mwina iye akudziwa kale, Salima ndi wamng'ono, a kabaza amanyamula nkhani pamodzi ndi anthu.

aChisale a hadiweya:
Ine pa za kulemera kwa malipiro sindinasinthe maganizo, ndikuonabe kuti boma likanapeza njira yotithandizira ife a mabizinesi ang'onoang'ono. Koma zoti ndi mlandu wa ndende sindimadziwa, ndipo zoti umboni ubwere ndi bwana sindimadziwanso. aMwale musatsate zimene ndinanena poyamba zija.

aMwale a golosale, Kamuzu Road:
Akuluakulu ndabweranso, dzulo sindinayankhe chifukwa ndinali pa ntchito yomwe munandipatsa. Usiku ndinakambirana ndi mayi a kunyumba. Poyamba sanasangalale, poti ndi mwana wa mchimwene wawo, koma nditawawerengera zimene analemba aMbewe ndi Naphiri anakhala chete, kenako anati iwonso anaberekapo, tipite limodzi tikamuone. Lero m'mawa tinatenga sopo, shuga, mafuta ophikira ndi chitenje chimodzi, tinapita kwawo. Tinamupeza akuchapa matewera pakhonde, amayi ake atanyamula mwana. Atationa anaimirira msanga, manja ali ndi thovu, nkhope yake inaoneka ya mantha, ndipo mawu ake oyamba anali oti "abwana, kodi kuntchito kuli bwino?" Apo ndinadziwa kuti mphekesera inamufika kale monga ananenera Naphiri.

Ndinamuuza kuti malo ake akumudikira, tinawerenga limodzi masabata otsala pa kalendala ya pa foni, tinagwirizana tsiku lobwerera, ndinalemba pa pepala n'kumusiyira. Malipiro a mwezi uno ndamutumizira athunthu tili pomwepo. Anandikumbutsanso za kasitomala wina wa ku Lifuwu amene anatenga mabelo awiri a shuga pa ngongole asanapite ku tchuthi, zimene ine ndinali nditaiwala ndipo m'buku la mtsikana uja mulibe.

Mtsikanayo ndalankhula naye masana ano. Walira pang'ono, ndamupepesa chifukwa cholakwa chinali changa. Agwira mpaka tsiku lomwe tagwirizana, ndipo aMbewe nambala yake ndakutumizirani, akuti angathe kubwera ku Senga Bay Loweruka. Amayi Nankhoma, kapepala ka wogwirizira kaja mungandithandize kalembedwe kake? Sindinalembepo chiyambire.

Mayi Nankhoma:
Ndikutumizirani madzulo ano ndikachoka ku kwaya. Ndi mizere yochepa chabe, dzina lake, ntchito yake, malipiro, tsiku loyamba, tsiku lomaliza, ndi mawu oti akugwirizira malo a wantchito amene ali pa tchuthi cha uchembere. Musindikize awiri, lina likhale lake.

Nangozo wa lesitilanti, Nkhotakota:
Amayi mukatumize pagulu pompano, nanenso ndikafuna mwezi wa mawa.